Mtengo wa Masheya Ukagwa

Mwezi wa January ndi February mbuzi imatsika mtengo. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Ufa watha m'nyumba, chimanga chakwera, feteleza wobereketsa akufunika, ndiye mudzi wonse ukukokera mbuzi kumsika tsiku limodzi. Ogulitsa achuluka, ogula ndi owerengeka. Mbuzi yomwe pa Khirisimasi anthu ankailimbirana, lero wogula akuiyang'ana ngati yodwala. Koma mbuziyo sinasinthe. Miyendo yake ndi inayi yomwe ija, ndipo ngati ili ndi bere ibereka ndithu.

Mbuzi imeneyi musaiiwale, chifukwa itithandiza kumvetsa nkhani ya masheya.

Sheya ndi kagawo kakang'ono ka kampani. Mukagula masheya a kampani ya shuga ya Illovo, kapena a TNM, kapena a National Bank, ndiye kuti nanunso ndinu mmodzi wa eni ake, ngakhale gawo lanulo litachepa ngati njere ya therere. Kuno kwathu masheya amagulitsidwa pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Kampani yoyamba kulowa pamsikawu inali NICO, m'chaka cha 1996. Anthu wamba ambiri anadzidzimuka mu 2020, pamene Airtel Malawi inagulitsa masheya pa K12.69 imodzi, kenaka FDH Bank pa K10. Aphunzitsi, anamwino, a mageni ang'onoang'ono ndi opuma pantchito anagula nawo. Pamsikawu simupita nokha ngati ku Limbe kogula tomato. Mumadzera kwa broka, amene ali ndi chilolezo chokugulirani ndi kukugulitsirani, ndipo amadulapo yake nthawi iliyonse imene wakugwirirani ntchito.

Mwini masheya amadya pawiri. Kampani ikapanga phindu, imapatulako lina ndi kugawira eni ake. Ndalama imeneyi amaitcha dividendi. Ameneyu ndiye mwana wa mbuzi. Kudya kwachiwiri ndi pamene mtengo wa sheya wakwera, inu n'kugulitsa modula kuposa mmene munagulira.

Koma mtengo sukwera masiku onse. Imafika nyengo imene umatsika, sabata ino, sabata yamawa, mwina chaka chathunthu. Zifukwa zake ndi zambiri. Chiwongoladzanja chikakwera, a ndalama zambiri amachotsa chuma chawo ku masheya n'kukabwereketsa boma. Ndalama zakunja zikasowa, makampani amavutika kuitanitsa katundu. Chilala, nkhondo, mliri, chisankho, zonsezi zimagwedeza msika. Nthawi zina mitengo imakhala kuti inangokwera mopitirira muyeso, ndiye ikubwerera pamalo pake. Akatswiri amakangana pa zimenezi mpaka dzuwa kulowa. Kwa ife chofunika ndi chimodzi chomwe chija cha mbuzi: ofuna kugulitsa achuluka kuposa ofuna kugula.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti munagula masheya 1,000 pa K50 imodzi. Munalipira K50,000. Lero mtengo wafika pa K35. Mukawerenga, chuma chanu chili pa K35,000. Mtima ukuti mwataya K15,000. Koma funsani bwino: masheya muli nawo angati? Akadali 1,000. Palibe imodzi yomwe yasowa. Ngati kampani ikupangabe phindu, dividendi ibwera pa masheya 1,000 omwewo. K15,000 ija mumaitaya tsiku limene mwauza broka kuti gulitsani. Tsiku limenelo ndiye mbuzi yatuluka m'khola, ndipo ana ake akabadwira kwa wina.

Izi zinachitikapo m'maiko a eni ake a misika ikuluikulu. Ku America, kuyambira October 2007 mpaka March 2009, mitengo ya masheya a makampani akuluakulu 500 inatsika kupitirira theka. Amene anagulitsa ndi mantha pa nthawi imeneyo anatuluka ndi theka la chuma chawo. Amene anapirira anaona mitengo ikubwerera pamene inali m'chaka cha 2013, kenaka n'kupitirira. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utabuka, msika womwewo unagwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu m'sabata zisanu zokha, koma pofika August chaka chomwecho unali utadzuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe tisanamizane. Si nthawi zonse pamene msika umadzuka msanga. Ku Japan mitengo inafika pamwamba mu December 1989, n'kugwa, ndipo inadzafikanso pamenepo mu February 2024. Zaka 34! Mwana wobadwa chaka chimene msika unagwa anali ndi ana ake pamene unkadzuka. Ndipo pali makampani amene akagwa sadzukanso. Banki ya Lehman Brothers ya ku America inatha mu September 2008, ndipo masheya ake anasanduka mapepala okulungira mtedza. Choncho mtengo ukagwa, funso loyamba ndi lakuti: kodi watsika msika wonse, kapena mbuzi yangayi ikudwala?

Kuyankha kwake sikufuna sukulu yapamwamba. Makampani a pamsika amakakamizidwa kulengeza mmene chuma chawo chayendera, ndipo zimatuluka m'nyuzipepala. Yang'anani mizere iwiri yokha: phindu la chaka chino poyerekeza ndi la chaka chatha, ndi dividendi imene alengeza. Ngati Chingerezi chake chakuvutani, mwana wa ku sekondale akuwerengereni, kapena imbirani broka wanu. Mumamulipira, musachite naye manyazi. Chaka chilichonse pamakhala msonkhano waukulu wa eni masheya, ndipo ngakhale wa masheya 100 ali ndi ufulu wokhalapo ndi kufunsa. Ngati makampani onse atsika pamodzi, koma yanu ikugulitsabe katundu ndi kupanga phindu, imeneyo ndi njala ya February chabe. Koma ngati anzake ali bwino, iyo yokha ikutsika, phindu likuchepa chaka ndi chaka, dividendi yaima, akuluakulu ake akungosinthana mipando, pamenepo khalani pansi muganize. N'chifukwa chake sitiika ndalama zonse pa kampani imodzi, ngakhale pa mabanki okhaokha. Mlimi wanzeru amadzala chimanga, n'kuikanso chinangwa ndi mbatata kumunsi kwa munda.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndikufuna muimvetsetse kuposa zonse. Kodi n'chiyani chimachititsa munthu kugulitsa mbuzi mu February, pamene akudziwa bwinobwino kuti mtengo ndi woipa? Si umbuli ayi. Ndi njala. Alibe kwina kogwira. Pa masheya ndi chimodzimodzi. Anthu ambiri amene amagulitsa motchipa sikuti sadziwa kudikira, koma anaika kumeneko ndalama imene sinayenera kupitako.

Ndalama ya fizi ya temu yamawa isapite ku masheya. Ya lendi isapite. Ya feteleza isapite. Mpamba wa geni yanu usapite. Ndipo choposa zonse, musakatenge ngongole kuti mugulire masheya, kaya kubanki, kaya ku banki m'khonde, makamaka kwa a katapila. Wa katapila sadziwa kuti msika wagwa. Iye amadziwa kuti mwezi watha. Mudzagulitsa masheya pa K35 amene munagula pa K50, ndalamayo osakwana kubweza ngongole, kenaka njinga n'kupita, wailesi n'kupita, malata n'kuzulidwa. Mnzanu akabwera ndi nkhani yoti "tiyeni tikakongole, mwezi wamawa akwera kawiri," mumufunse kuti wamuuza ndani za mwezi wamawa. Ku masheya kumapita ndalama yoti mungathe kuiiwala zaka zisanu kapena kuposerapo, ana osagona ndi njala. Musanagule sheya ngakhale imodzi, khalani ndi kangachepe pambali kothamangira matenda ndi maliro, kokwanira miyezi ingapo. Kameneko ndiko kamakupatsani mphamvu yokana mtengo woipa.

Palinso china cha msika wathu uno. Ndi waung'ono, makampani ake safika 20, ndipo masiku ena sheya ya kampani ina imatha tsiku lonse osagulidwa ndi munthu. Mukafuna ndalama mwachangu, mutha kudikira wogula masiku angapo, kapena kutsitsa mtengo kuti mumukope. Masheya si Mpamba kapena Airtel Money yoti mungotapa pa kona.

Ena mtengo ukagwa amati, "Ndigulitse tsopano, ndidzagulenso ukafika pansi." Zomveka pakamwa. Koma pansi pake sipakhala chikwangwani. Mumadzazindikira kuti pansi panali paja mtengo utakwera kale. Apo n'kuti mwalipira broka kawiri, pogulitsa ndi pogulanso. Enanso amati bola ndalamayo ikhale m'nyumba, pansi pa matiresi sipagwa msika. Iwowa aiwala November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama ya pansi pa matiresi inali yomweyo poiwerenga, koma kugolosale inagula zochepa. Kumenekonso ndi kugwa, kungoti sikulengezedwa ndi dzina lanu.

Kwa amene ali ndi kotsala mwezi ndi mwezi, nyengo ya kugwa ndi nyengo yokolola ya ogula. Werenganinso. K7,000 pa mtengo wa K50 imagula masheya 140. K7,000 yomweyo pa K35 imagula 200. Mavenda amagula chimanga mu May chikatchipa, osati mu February. Koma gulani pang'onopang'ono, monga mwa chizolowezi chanu, osati kukhuthula thumba lonse tsiku limodzi poganiza kuti mwapeza mwayi. Mtengo wotsika ukhoza kutsikanso.

Nanga mtima? Apa ndi pamene ambiri amagwera. Foni ili m'manja, magulu a pa WhatsApp akulira usiku ndi usana, uyu akuti gulitsani, uyo akuti kampani ikutha. Munthu osagona, nsima osaimva kukoma, BP kukwera, kukalipira ana popanda chifukwa. Mankhwala a BP nawonso ndi ndalama. Ngati munagula kuti musunge zaka khumi, mtengo wa Lachiwiri lino ukukukhudzani bwanji? Yang'anani kamodzi pamwezi, basi. Amene anadzala mango safukula mbewu m'mawa uliwonse kuti aone mizu. Lembani m'kope chifukwa chimene munagulira kampani imeneyo ndi chaka chimene mukufuna kudzagwiritsa ntchito ndalamayo. Tsiku la mantha, tsegulani kopelo muwerenge mawu anu omwe. Ngati chifukwacho chikadalipo, tsekani kope mukagwire ntchito zina. Mukaona kuti mukufunadi kugulitsa, gonani kaye masiku awiri kapena atatu musanaimbire broka.

Ndipo musabise kunyumba. Bambo amene anagula masheya mobisa amavutika kawiri msika ukagwa, chifukwa alibe womuuza. Akazi anu kapena amuna anu adziwe kuti masheya alipo, ndi a kampani iti, broka wake ndani, mapepala ali pati. Mukasintha nambala ya foni kapena akaunti ya kubanki, kadziwitseni broka, chifukwa dividendi imasochera ngati kalata yopanda keyala. Mapepalawo aikeni m'pulasitiki, pamodzi ndi a malo ndi a sukulu, pamwamba pomwe chiswe ndi mvula sizifika.