Mpira wochokera ku Joni

Kumapeto kwa Malichi 2022, akatswiri a masewero a bowling anasonkhana mumzinda wa Las Vegas ku America kulimbirana chikho cha Masters. Mpikisano uli mkati, bungwe loyendetsa masewerowa m'dzikomo, la United States Bowling Congress, linalengeza kuti mitundu 6 ya mipira ya kampani ya Storm ndi nthambi zake yaletsedwa pa mipikisano yake ikuluikulu. Ina mwa iyo inali Phaze 4, Trend 2 ndi UFO Alert. M'mwezi womwewo bungwelo linali litachotsa kale mpira wina wa kampaniyo, wotchedwa Spectre, pamndandanda wa mipira yovomerezeka. Osewerawo sanabe chilichonse. Mipirayo anaibooletsa molingana ndi zala zawo, anaizolowera ngati dzanja lawo lomwe, kenaka anangomva kuti itsale m'chikwama.

Kwathu kuno bowling ndi yachilendo, ndiye ndifotokoze pang'ono. Wosewera amagubuduza mpira wolemera, wosapitirira makilogalamu 7.26, pa kanjira kosalala kotalika mamita 18, kuti akagwetse timitengo khumi toimikidwa kumapeto. Mlandu wa mipira ija unali kufewa. Lamulo limati khungu la mpira lisafewe kutsika pa 73 akaliyeza ndi kachipangizo kotchedwa durometer, ndipo yambiri mwa imene anaiyeza inapezeka pansi pa muyezowo. Mpira wofewa umagwira pansi kwambiri, motero umakhota mwamphamvu kuposa wa mnzako amene watsata lamulo.

Chinanso chimene chinasokoneza anthu nchakuti mipira 6 ija siinaletsedwe paliponse. M'maligi ang'onoang'ono inatsala yovomerezeka, pokhapokha eni ligi kapena eni mpikisano atasankha okha kuiletsa. Mpira womwewo unali wabwino Lachiwiri usiku kumalo anu a masiku onse, Loweruka nkukhala mlandu pa mpikisano wa dziko lonse. Apa mpamene wosewera wochenjera amayamba kudzinyengerera: ngati sindiugwiritsa ntchito pa mpikisano weniweni, nanga pa mphindi zochepa zija zotenthetsa thupi tisanayambe kuwerenga mapointi, chalakwika nchiyani?

Ine ndikuona kuti chalakwika chilipo, ndipo chili pa kanjirako. Mbali yoyamba ya kanjira ka bowling, pafupifupi mamita 12, amaipaka mafuta mwa dongosolo. Mpira uliwonse ukadutsapo umamwako mafuta ena, ena nkuwakankhira kutsogolo. Pofika nthawi yoyamba mpikisano, kanjira kamakhala katasintha kale malinga ndi mipira imene yagubuduzidwapo potenthetsa thupi. Amene waponya mpira woletsedwa panthawiyo waumba bwalo limene iye ndi mnzake akapikisanepo, ngakhale mapointi ake asanalembedwe. Msodzi wa ku Makanjira amvetsa msanga: komiti ya padoko ikakupezani mukukoka neti ya udzudzu, mawu akuti "ndimangoyesa" sabwezera kasawala m'nyanja.

Ife bowling tilibe, koma mpira wamiyendo tili nawo pabwalo la sukulu iliyonse, ndipo nawonso uli ndi muyezo umene ambiri timasewera osaudziwa. Lamulo lachiwiri la masewerowa limati mpira wa akuluakulu uzungulire masentimita 68 mpaka 70, ulemere magalamu 410 mpaka 450 poyamba masewero, ndipo limanenanso kuchuluka kwa mpweya woyenera kupopamo. Woyimbira ndiye woweruza ngati mpira uli bwino, ndipo masewero ali mkati mpira sungasinthidwe iye osalola. Lamulo lachinayi limakakamiza mashinigadi ndi kuletsa mphete, zibangili ndi mikanda.

Kuti mpira umasintha masewero si nkhani yatsopano. Pa ndime yomaliza ya World Cup yoyamba mu 1930 ku Montevideo, Argentina ndi Uruguay anakanganirana mpira woti asewerere, mpaka anagawana: chigawo choyamba wa Argentina, chachiwiri wa Uruguay. Popita kopumulira Argentina inkatsogola 2-1. Atasintha mpira, Uruguay inapambana 4-2. Munthu akhoza kunena kuti zinangochitika, koma matimu awiriwo sakanakangana pachabe.

Ambiri tikukumbukira Jabulani, mpira wa Adidas wa World Cup ya 2010 ku South Africa, umene magoloboyi monga Iker Casillas ndi Júlio César anaudandaula kuti umayenda mokhotakhota m'mwamba. Matimu ena a ku Germany anali atausewera kale miyezi ingapo m'ligi yawo, pamene ligi ya ku England inali pa mgwirizano ndi Nike. Mbale wake wa mpirawo, Jabulani Angola, ndi amene ma Flames a Kinnah Phiri anaswera Algeria 3-0 ku Luanda pa 11 Januwale 2010, zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Goloboyi wa Algeria tsikulo, Faouzi Chaouchi, anadzaphonyanso mpira wooneka wosavuta mu Juni posewera ndi Slovenia, ngakhale iye anali atauona kale Jabulani ku Angola. Ndiye tisamanamizire mpira chilichonse. Ena manja awo ndi a mafuta basi.

Koma taonani mmene zimayendera kwathu. Tenganipo timu ya anyamata a chakuno ku Mpilipili kapena ku Lulanga, anyamata amene anakulira pa chikulunga ndipo amathamanga pamchenga ngati sakutopa. Achimwene awo ena ali ku Johannesburg, monga zilili m'mabanja ambiri kuno, ndipo atumiza katundu pa galimoto ya amatransipota: yunifolomu, jombo zingapo, ndi mpira wonyezimira wolembedwa dzina la kampani yotchuka. Palibe amene afunsa ngati ndi weniweni. Mphatso siyezedwa pa sikelo, komanso ndani angayambe kunyoza chimene munthu wachivutikira kuchilendo? Mpirawo ndi wopepuka, umauluka ukangoukhudza, ndipo poti pampu njobwereka kwa wokonza njinga, masiku ena amausewera uli wophwa pang'ono. Sabata ndi sabata miyendo ikuphunzira mpira umenewo. Womenya makona akudziwa mphamvu yoti aikepo. Goloboyi akudziwa nthawi yodumpha. Wakutsogolo akugoletsa zigoli za patali zimene mudzi wonse ukuzikamba kumsika.

Likwana tsiku la chikho ku boma. Ulendo wochoka ku Makanjira kukafika ku Mangochi, pafupifupi makilomita 100 kudzera ku Lungwena ndi ku Malindi, si wamasewera, makamaka mvula ikagwa. Ndalama ya lole asonkha amalonda, makolo ndi eni mabwato. Anyamata afika fumbi lili m'maso, atenthetsa thupi ndi mpira wawo, kenaka woyimbira aitanitsa mipira. Aufinya ndi zala, auponya pansi, aupukusira mutu.

"Akochi, uwu ayi. Bweretsani wina."

"Koma bambo, umenewu ngochokera ku Joni."

"Ngakhale uchokere ku London. Tisewera ndi wa anzanuwa."

Asanapume, woyimbira aloza miyendo: awiri alibe mashinigadi, wina wavala kachingwe pamkono kamene sanakavulepo chiyambire. Makatoni odulidwa mofulumira alowa m'masokosi, woyimbira awakana, ndipo timu iyamba masewero wosewera wake wodalirika ali panja kufunafuna wobwereka.

Zotsatira zake sizifuna mlosi. Mpira wa muyezo ndi wolemera kuposa umene anazolowera ndipo ndi wopopedwa bwino. Mapasi akuthera panjira. Kona yoyamba igwera pa wotchinga woyandikira. Goloboyi adumpha nthawi yake ya kumudzi, mpira nkumudutsa asanatambasule manja. Anyamatawo sakusewera moipa kuposa anzawo. Akusewera mpira umene unatsala m'thumba pa benchi. Pofika chigawo chachiwiri miyendo yayamba kumva kulemera kwa mpira watsopanowo, koma zigoli ziwiri zalowa kale, ndipo chikho cha mtundu wa wagonja watuluka sichipatsa munthu sabata ina yophunzirira.

Pobwerera, m'lole muli mlandu. Ena akuti woyimbira anadya, ena akuti anzawo anakhwimira pagolo. Akochi ali chete, chifukwa pepala la malamulo a mpikisano analandira mwezi wathawo ndipo anangowerengapo tsiku ndi ndalama ya mphotho. Podutsa pa Lungwena foni yawo ilira. Ndi achimwene aja a ku Johannesburg pa WhatsApp, akufunsa kuti mpira wawo wagoletsa zingati.