Gitala Ikamalira Yokha: Phunziro la ku Nkhunga

Mawu oyamba

M'Chichewa mneni wakuti "kulira" amasenza katundu wambiri. Mwana amalira, ng'oma imalira, belu nalonso limalira. Oimba a kwathu ku Nkhunga, pafupi ndi Dwangwa m'boma la Nkhotakota, akati "gitala ikulira" amatha kutanthauza kuti ikumveka bwino kapena kuti ikusokosa. Nkhani ino ikuonetsa kuti munthu wofuna kukonza gitala yamagetsi yamphako m'kati kuti aziimbira nyimbo za rock ayambe wasiyanitsa maliridwe ake, chifukwa kulira kulikonse kuli ndi gwero lake ndi mankhwala ake.

Chinautsa nkhaniyi

Amalume anga anabwera nayo gitala yotere kuchokera ku Johannesburg. Ndi ya mimba yaikulu, yokhala ndi mabowo awiri aatali kumaso kwake. Tsiku lina anzanga anaibwereka kuti akaimbire pa ukwati. Ankafuna mawu aukali onga a Paul Ngozi wa ku Zambia, amene m'zaka za m'ma 1970 ankaimba rock m'Chingerezi ndi m'Chinyanja. Atangokweza ampulifaya, gitala inabangula yokha, mwakuti amayi amene ankavina pelekanipelekani anagwira m'makutu. M'mawa mwake anyamatawo anaganiza zothira utuchi ndi guluu m'mimba mwake kuti ikhale chete. Amalume anakaniratu. "Mphwanga," anandiuza, "mwana akamalira sumutseka pakamwa, umayamba wafufuza chamuluma."

Maliridwe atatu

Kulira koyamba ndi kubangula, kwa mawu aakulu akuti wuuu. Nsambo ikagwedezeka, kachipangizo ka maginito kotchedwa pickup kamasandutsa kugwedezekako kukhala mphamvu yamagetsi. Ampulifaya imaikuza, sipika n'kuitulutsa ngati mawu. Mawuwo amamenya thabwa lopyapyala la kumaso kwa gitala, thabwalo n'kugwedezanso nsambo, ndipo ulendo umayambiranso, mokulirakulira. Kuzungulira kumeneku ndiko oimba amakutcha feedback. Gitala yamphako imavutika kwambiri chifukwa anaipanga dala kuti izinjenjemera ngati ng'oma.

Kulira kwachiwiri ndi kwa kamawu kakang'ono kobaya m'khutu, kakuti tswiii. Nthawi zambiri gwero lake si mimba ya gitala koma pickup imene waya wake wokulungidwa kapena chivundikiro chake chakhwepa. Kuti mudziwe, gwirani nsambo zonse ndi chikhatho. Kubangula kumachepa, koma tswiii amapitirira.

Kulira kwachitatu ndi kung'ung'udza kosalekeza kwakuti mmm, ngakhale munthu asakuimba. Uku si feedback ayi. Ndi phokoso limene pickup imatola ku magetsi a m'nyumba, amene ku Malawi kuno amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi.

Njira zokonzera

Yambani ndi zosafuna ndalama. Woimba asayang'anitse mimba ya gitala ku sipika, ndipo atalikirane nayo. Achepetse besi pa ampulifaya, popeza mawu aakulu ndiwo amagwedeza thabwa. Azolowerenso kugoneka chikhatho pa nsambo zimene sakuzikhudza.

Zikakanika, tsekani mabowo. Siponji ya matiresi akale, yodula bwino ndi kuilowetsa mosamala kuti isadule mawaya a m'kati, imachepetsa kunjenjemera kwa mpweya ndi thabwa. Nzeru imeneyi si yachilendo. B.B. King wa ku America ankatseka mabowo a gitala zake ndi nsanza, ndipo kampani ya Gibson itayamba kupanga gitala ya Lucille m'dzina lake, inaipanga yopanda mabowo. Kwathu kunyanja kuli chinyezi, choncho siponjiyo muziitulutsa nthawi ndi nthawi kuti iume, kuopa nkhungu ndi dzimbiri.

Njira ina ndi yoimika kamtengo m'kati, pansi pa pamene nsambo zimatsamira, kuti kachirikize thabwa la kumaso ndi la kumsana. Gibson inachita zofananako mu 1958 pa gitala ya ES-335, imene ili ndi chipika chodutsa pakati pa mimba. Ntchito iyi ndi ya mmisiri wodekha, chifukwa kamtengo kakatalika pang'ono kamang'amba thabwa.

Mankhwala a tswiii ndi phula. Pickup imachotsedwa n'kumizidwa mu phula losakaniza ndi kandulo wosungunula, lotentha pafupifupi madigiri 65, kuti lilowe m'mipata ndi kumanga waya. Chitini cha phulalo chikhale m'madzi otentha, osati pamoto penipeni, chifukwa phula limayaka ndipo kutentha kwambiri kumasungunula pulasitiki. Kung'ung'udza kumachepa mukalumikiza bwino waya wa ethi kapena mukaika pickup ya mtundu wa humbucker, imene Seth Lover anaikonza m'zaka za m'ma 1950. Koma wogula humbucker pofuna kuthetsa kubangula wataya ndalama, chifukwa wapereka mankhwala a mutu kwa wodwala m'mimba.

Zoyenera kusamala

Cholinga si kupha kulira konse. Oimba rock amakugwiritsa ntchito dala: nyimbo ya The Beatles ya "I Feel Fine" ya mu 1964 imayamba ndi feedback, ndipo Jimi Hendrix ankaiweta ngati chida choimbira. Komanso kusintha chida si mwambo wachilendo kwathu. Daniel Kachamba wa ku Chileka ankaimba gitala ya nsambo zisanu, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadzipangira babatoni wake. Lamulo ndi limodzi: yambani ndi chimene mungathe kubweza. Siponji imatuluka, koma guluu ndi utuchi zikalowa, mawu okoma a gitala apita mpaka kalekale.

Mawu omaliza

Gitala ya amalume inachira ndi zinthu ziwiri zokha: zidutswa za siponji ndi kusuntha sipika. Anzanga aja akanamvetsera bwino pachiyambi, akanadziwa kuti inkabangula, sinkachita tswiii kapena kung'ung'udza. Kwa ife ophunzira chiyankhulo, phunziro n'lakuti Chichewa sichisowa mawu ofotokozera luso lamakono. Pamene mneni mmodzi waphimba zinthu zitatu, mvekero zathu zimazilekanitsa bwinobwino, ndipo mmisiri amadziwa poyambira.