Za Kuwerenga Mafuta Otsala m'Ndege

Abale athu a ku Luwani ndi a m'midzi yonse ya Neno, tikaona kandege kalikupita m'mwamba kulunjika ku Chileka, tisayese kuti woyendetsayo angokhala phee. Nchito yace yaikuru ndiyo kudziwa mafuta otsala. Pakuti garimoto likatha mafuta liima pa mseu, koma m'mlengalenga mulibe poima.

Coyamba, asananyamuke atsegula mathanki a m'mapiko, naviikamo kamtengo kolembedwa mizere, monga mai apenya parafini wa m'nyali kusanade. Singano yosonyeza mafuta saikhulupirira yokha ai, popeza nthawi zina inama.

Caciwiri, ayesa mafuta ndi nthawi, si ndi kutalika kwa ulendo ai. Ndege ya mtundu wa Cessna 172, imene inayamba kugulitsidwa caka ca 1956, imamwa malita ngati 35 pa ora limodzi. Tsono akanyamuka ndi malita 140, adziwa kuti ali nao maora 4. Atauluka maora 2, amtsalira malita 70, ndiwo maora ena 2. Nanga ayeseranji ndi nthawi? Cifukwa mphepo yocokera kutsogolo icedwetsa ulendo, koma makina amwa mafuta cimodzimodzi.

Cacitatu, lamulo la m'maiko ambiri liti asunge mafuta a mphindi 30 osawakhudza usana, ndi a mphindi 45 usiku. Potero pa maora 2 aja, oulukira ndi ora limodzi ndi theka lokha. Ndipo nkhungu ya Chiperoni ikaphimba Chileka m'nyengo ya cisanu, ayenera kufuna bwalo lina. Koma la ku Lilongwe liri kutali, ulendo woposa ora limodzi. Pamenepo moyo wa onse okwera uli pa masamu ace.

Ngakhale ndege zazikuru zigwa m'msampha womwewo. Caka ca 1983 ndege ya Boeing 767 inatha mafuta m'mwamba ku dziko la Canada, popeza powerenga anasokoneza mapaundi ndi makilogalamu. Inatera ku Gimli makina onse atazima, ndipo sanafe munthu. Koma si onse apulumuka cotero.

Tiphunzirapo zitatu izi: kupenya ndi maso, kuwerenga nthawi, ndi kusunga zapadera. Nzeru yomweyi itithandiza pa nkhokwe zathu, tisanalowe m'miyezi ya njala.

Funso: woyendetsa akanyamuka usana ndi malita 105, angauluke maora angati asanakhudze osungidwawo? Muwerengere pamodzi ndi ana a sukulu.