Mbuzi yongozungulira: kodi CT scan ingathandize?

Funso: Mlimi wina wa ku Songani ali ndi mbuzi imene ikungozungulira pamalo amodzi, mutu utapendekera kumbali. Kodi makina a CT scan ounikira anthu kuchipatala angaone chimene chavuta?

Yankho: Angaone ndithu. Makinawa, amene Godfrey Hounsfield anawapanga ndipo anayamba kuunikira odwala ku London mu 1971, amazunguliza X-ray pathupi, kenako kompyuta imatulutsa zithunzi za m'kati magawomagawo, ngati chinangwa chodulidwa mapisi. Motero ubongo, umene X-ray wamba sauonetsa chifukwa cha chigaza, umaoneka bwino. Chiweto chimayamba chagonekedwa ndi mankhwala kuti chisagwedezeke.

Kawirikawiri mbuzi yotere imakhala ndi chithuza cha madzi mu ubongo, chochokera ku mazira a njoka zam'mimba za agalu, mazira amene mbuziyo idadyera limodzi ndi udzu. CT imachionetsa poyera. Vuto n'lakuti makina ounikira ziweto amapezeka m'zipatala zikuluzikulu, monga ya Onderstepoort ku South Africa, ndipo mtengo wounikira umaposa wa mbuziyo kutalitali.

Ku Songani wodalirika ndi mlangizi wa ziweto, chifukwa matenda ena obwera ndi nkhupakupa amazunguliritsanso mbuzi. Pofuna kupewa chithuzacho, agalu azimwetsedwa mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo asamapatsidwe mitu yaiwisi ya mbuzi.