PHUNZIRO LA THUPI: ZA KUMVERA MAU A MTIMA

Abale, ambiri a ife kuno ku Luchenza tinaona dotolo alikuika kacitsulo pa cifuwa ca wodwala, timipope tiwiri tiri m'makutu mwace. Ena amati alikuombeza. Iai, si ula umenewu. Alikumvera nchito ya mtima. Cipangizoci dzina lace stethoscope. Anaciyamba ndiye René Laennec, dotolo wa ku France, m'caka ca 1816, pokulunga pepala ngati bango.

Mtima uli ndi zipinda zinai, ndi zitseko zinai zoletsa mwazi kubwerera m'mbuyo. Poyamba dotolo apenya ngati mapazi atupa. Agwira pamkono nawerenga: mtima wa munthu wamkulu wopumula ugunda ka 60 kufikira ka 100 pa miniti. Apapasanso kunsi kwa bere lamanzere. Akapeza kuti kugunda kwasendera kukhwapa, adziwa kuti mtima wakula.

Atatero amvera. Mtima wabwino uli ndi mau awiri. Oyamba ndiwo kutsekeka kwa zitseko za pakati pa zipinda, pamene mtima ufinya mwazi. Aciwiri ndiwo kutsekeka kwa zitseko za pa mitsempha iwiri yaikuru, mwazi utaturuka. Koma citseko cikacepa kapena cikadontha, mwazi upita ndi mkokomo, monga madzi a Thuchila pamiyala. Mkokomo wina ucokera ku kucepa kwa mwazi cifukwa ca malungo kapena njoka za m'mimba, ndipo uleka mwazi ukabwerera.

Cinthu coopsa ndi ici. Mwana akadwala zironda za pakhosi osalandira mankhwala, nthawi zina papita masabata awiri kapena atatu, mfundo zace zitupa, thupi litentha, ndipo nthendayo iluma zitseko za mtima mwakacetecete. Patapita zaka, namwali uja alephera kukwera citunda ndi dengu la tiyi, befu ali thithithi. Ndipo pokhala ndi pakati moyo wace uli pangozi. Penicillin woperekedwa msanga aletsa zimenezi, ndipo wogwidwa kale asungidwa ndi jekiseni wa mwezi ndi mwezi.

Cifukwa cace tisanene kuti, Walodzedwa; tisatemere mphini pacifuwa. Timuke naye mwanayo ku cipatala ca Thyolo kapena ca Malamulo ku Makwasa. Mulungu amene anaumba mtima ndiye anapatsanso anthu nzeru za kuumvera, tisazipeputse.

Mafunso: Zitseko za mtima ziri zingati? Mwana wa zironda za pakhosi timcitire ciani?