Kayezedwe ka Mmene Tinthu Touluka Mumpweya Timamwera Chinyezi

Utsi, fumbi ndi mchere wouluka m'mafunde a nyanja zimasiya mumpweya tinthu tosaoneka ndi maso. Chinyezi chikakwera, tina timamwa madzi n'kufufuma, ndipo timamwaza kwambiri kuwala kwa dzuwa. Tina timasanduka poyambira madontho a mitambo. Asayansi amayeza kufufumaku ndi makina otchedwa H-TDMA, ndipo ntchitoyo ili ndi masitepe asanu.

Choyamba, woyeza aumitse mpweya womwe wakoka. Audutsitse mu silica gel kapena m'paipi ya Nafion mpaka chinyezi chitsike pansi pa 20 peresenti, kuti adziwe kukula kwa tinthuto tili touma.

Chachiwiri, asankhe msinkhu umodzi. Tinthuto timayamba tapatsidwa mphamvu ya magetsi, kenako timalowa m'chosefera choyamba, DMA, chomwe chimalola tokhato ta msinkhu wofunidwa, mwachitsanzo mananomita 100.

Chachitatu, anyowetse tinthu tosankhidwato m'chipinda cha chinyezi chodziwika. Ofufuza ambiri amaika 90 peresenti kuti zotsatira zawo zizitheka kufananitsa. Apa m'pamene ntchito imaonongekera. Pa madigiri 20, kutentha kukangosintha ndi digiri imodzi, chinyezi cha 90 peresenti chimasuntha ndi mapointi pafupifupi asanu. N'chifukwa chake chipindacho ndi chosefera chachiwiri cha sitepe yotsatira ziyenera kukutidwa bwino kapena kumizidwa m'madzi a kutentha kosasintha.

Chachinayi, ayezenso msinkhu ndi DMA yachiwiri, pamene makina owerengera, CPC, akuwerenga tinthu totuluka. Akagawa msinkhu wa tonyowa ndi wa touma, apeza mlingo wa kakulidwe. Mwaye watsopano sufufuma kwenikweni, mlingo wake umangokhala pafupi ndi 1. Ammonium sulfate amafika pafupifupi 1.7, ndipo mchere wa sodium chloride umapitirira 2. Ambiri amasandutsa mlingowu kukhala nambala ya kappa yosonyeza mmene tinthu timamwera chinyezi, njira yomwe Markus Petters ndi Sonia Kreidenweis anafalitsa mu 2007 potsatira chiphunzitso cha Hilding Köhler cha mu 1936.

Chachisanu, makinawo aziyesedwa pafupipafupi ndi ammonium sulfate wosasakaniza. Mcherewu umakhala wouma mpaka chinyezi chifike pafupifupi 80 peresenti, kenako umasungunuka mwadzidzidzi, monga mchere wa kukhitchini umachitira m'dzinja, ngakhale kuti wakukhitchiniwo umayamba pa 75. Ammonium sulfate akasungunukira pa nambala ina osati 80, ndiye kuti choyezera chinyezi chasokonekera.

Woyeza alembenso ngati anali kukweza kapena kutsitsa chinyezi. Dontho la ammonium sulfate siliuma pa 80 pomwe linasungunukira. Limakhalabe madzi mpaka chinyezi chitsike pakati pa 35 ndi 40 peresenti. Choncho pa 60 peresenti kanthu komweko kangapezeke kouma kapena kofufuma, malinga ndi komwe kachokera.