Kulondola Mbiri ya Banja: Chitsanzo cha Zwangendaba Jere

Mphunzitsi akauza ana kuti Angoni anachokera kummwera, nalekera pomwepo, wangowapatsa mawu oloweza. Mwana ayenera kuona m'mene mbiri ya banja imalondoledwera, ndipo banja la Zwangendaba Jere nlothandiza kwambiri pa ntchitoyi.

Akuluakulu a Chingoni anasunga pamtima ndondomeko yonse ya ulendo wao: kusamuka Shaka atagonjetsa Zwide, kuoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, imfa ya Zwangendaba ku Mapupo m'dziko la Afipa, ndi kupatukana kwa ana ake, Mpezeni nakakhazikika kudera la Chipata, M'mbelwa kudera la Mzimba. Zaka sanasunge ai. Koma anakumbukira kuti tsiku looloka mtsinjewo dzuwa linada usanasana. Mawu amenewa ndiwo anatsegula njira, pakuti odziwa zakuthambo amatha kuwerengera m'mbuyo masiku a kadamsana. Olemba ena oyamba anati kuolokako kunachitika mu 1825, koma E. H. Lane Poole atasanthula nkhaniyi anasonyeza kuti kadamsana woyenerana ndi malowo ndi wa Novembala 1835. Taonani: buku linaphonya ndi zaka khumi, ndipo chimene chinalikonza ndi mawu a pakamwa omwewo. Ine ndimachedwa dala pamenepa pophunzitsa, chifukwa ambiri a inu mumayesa kuti chosindikizidwa chilichonse nchoona.

Mukakhala m'kalasi mwanu, tumani ana akafunse agogo ao mfunda wao, mudzi umene makolo anachokera, ndi chimene chinachitika m'chaka chosamukacho. Gogo satchula chaka. Koma akati anasamuka pa njala yaikulu, mwina akunena njala ya 1949, ndipo mwanayo wapeza kadamsana wake. Kenaka yerekezani zimenezi ndi zolembedwa: mabuku a ubatizo ku mishoni, kaundula wa sukulu, ndi makalata a boma osungidwa ku National Archives ku Zomba. Pamene mbali ziwirizi zikutsutsana, ana alembe zonse, osafufuta imodzi.

Samalani pojambula mzere wa makolo pabolodi. Mwana wa Chingoni wa ku Mzimba amatsata kuchimuna, wa Chichewa amatsata kuchikazi. Mukaumiriza onse kuyambira kwa bambo, mudzasokoneza theka la kalasi, ndipo mwana wosadziwa bambo wake adzachita manyazi pachabe. Musaiwalenso kuti Angoni a Maseko a ku Ntcheu ndi Dedza anadza pa ulendo wina, ndipo chaka cha 1835 si chao.